Mizere Yofiira M'kope Langa

Kope limene linatsala pang'ono kundilanditsa mwana ndinaligula pa golosale ina ku Chileka, patatha milungu itatu chimuikire mkazi wanga. Linali kope wamba la ana asukulu, lachikuto cha buluu. Sindinaligule chifukwa chodziwa kulemba zinthu zokoma ayi, sukulu ndinalekeza fomu 2. Ndinaligula chifukwa m'kamwa mwanga munali mutayamba kuwawa posowa woyankhula naye.

Kwathu ndi ku Thyolo, ku Lirangwe ndinapita chikamwini. Njerwa ndinaumba ndi manja angawa, malata ndinagula ndekha, koma malo ndi akuchikazi, munda ndi wakuchikazi, mwana nayenso ndi wakuchikazi. Mkazi wanga ali moyo zimenezi sizinkandisowetsa tulo, chifukwa iye ndiye anali pakamwa panga pamudzipo. Zaka khumi ndi chimodzi ine ndi apongozi anga sitinayankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kumbali, ine ndinkavula chipewa, moni n'kupatsana chapatali aliyense akuyang'ana kwake. Sichinali chidani, unali ulemu. Koma ulemu wotere umafuna munthu wachitatu wonyamula mawu, ndipo munthu wachitatuyo ndi amene tinali titamuika kumanda.

Maliro atatha, mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri anamutengera kwa agogo ake. Anati mwana wamkazi sangakhale ndi bambo yekha m'nyumba yoti mwatuluka maliro. Nyumba ya apongozi inali pamtunda, yoonekera bwinobwino ndikaima pakhonde langa, moti mwana wanga ndinkamuona ngati mmene ndimaonera ndege kuntchito, akudutsa chapatali. Ine ndinatsala ndekha ndi nkhuku. Aliyense ankadikira tsiku la kusudzula, limene analiika pambuyo pa kukolola. Limeneli ndi tsiku limene akuchikazi amamasula mwamuna wofedwa. Ena amauzidwa kuti akhale alere ana, ena amauzidwa mwaulemu kuti kwawo akuwasowa. Wogamula anali amalume ake a mkazi wanga, eni mbumba. Koma wowanong'oneza kukhutu anali alamu anga, mkulu wake wa malemu, amene mwana wawo wamwamuna analibe nyumba ndipo yanga ya malata inkamuyenera zedi. Iwowa anali atalengeza kale kwa azimayi a pamudzi kuti pasapezeke wondiphikira, ati mkamwini ukamudyetsa sachoka.

Ntchito yanga ndi yaulonda, pa geti la nyumba yosungiramo katundu kufupi ndi bwalo la ndege. Ndimagwira masana. Pa getipo pali buku lalikulu, ndipo kalembedwe kake n'kamodzi: nthawi, dzina la munthu, chimene wachita. Munthu akalowa geti, pansi pa dzina lake timajambula mzere ndi bolopeni yofiira, kuti mnzako wodzakulandira akatsegula buku aone msanga amene anaponda mkati. Bwana wathu ankanena kawirikawiri kuti m'bukumo musamalembe maganizo anu, palibe amakulipirani kuti muziganiza. Ndiye maganizowo ndinkapita nawo kunyumba panjinga. Ndikangotsamiritsa njinga pakhoma, mkazi wanga ankati, "Tiyeni a mlonda, tipatseni lipoti." Ndinkamuuza zonse, za madalaivala abodza, za mayi wogulitsa zitumbuwa amene ankakangana ndi aliyense, iye akusola nandolo n'kumandidula mawu.

Atapita, lipotilo linalibe kolowera. Ndinkafika pakhomo, kutsamiritsa njinga, ziii. Kunena zoona, ndinayamba kuopa nthawi yoweruka.

Ndiye ndinagula kope lija. Sindinkadziwa kalembedwe kena, ndinalemba monga pa geti. "Lachiwiri, 5:40 madzulo. Ndafika. Nkhuku yako yamawanga yaswa anapiye asanu ndi awiri. Palibe walowa." Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Mawu akuti palibe walowa ndinawalemba mpaka dzanja linawazolowera. Koma pa kope langali panalibe bwana, choncho mizere inayamba kutalika. Ndinayamba kumukumbutsa mkazi wanga mmene anandigulitsira tomato wovunda pamsika wa Lunzu tsiku limene tinadziwana, mmene ankathawira nanzikambe ngati waona mkango, mmene ankaimbira kwaya mokweza kuposa onse koma mophonya. Ndinkamukalipiranso chifukwa chondisiya pamudzi pawo ngati katundu woiwalika pa depoti. Ndikalemba choncho, chifuwa chinkamasuka ndipo ndinkatha kudya.

China chinasinthanso. Masana ndinayamba kuyang'ana zinthu ndi maso a munthu amene akudikiridwa kunyumba. Dalaivala akanama bodza labwino, ndinkati ili ndikamuuza. Mwana wathu akadutsa kupita kusukulu atasemphanitsa mabatani a yunifolomu, ndinkasunga. Njinga ndinayambanso kupalasa mofulumira pobwerera. Ndikamaliza kulemba, kopelo ndinkaliika m'sutikesi ya malemu, pakati pa zitenje zake, ngati ndaponya kalata ku positi.

Bolopeni yofiira inkakhala m'thumba la yunifolomu, ndiye nayonso inagwira ntchito yake. Aliyense woponda pabwalo langa ankalandira mzere. Pa miyezi isanu, olandira mzere anali atatu okha. Woyamba anali mayi wina wachikulire woyandikana nafe, amene analowa kutsatira mbuzi yake. Wachiwiri anali mwamuna wa alamu anga, mkamwini mnzanga, amene anabwera kudzabwereka pampu ya njinga akuyang'anayang'ana kumbuyo. Wachitatu anali apongozi.

Iwowa poyamba sindinkawaona. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkasesa pabwalo, khalidwe la mlonda, kuti phazi lililonse lizioneka. Pobwera ndinkapeza timaenje ta ndodo yawo kuchokera kuseri kwa bafa mpaka pakhonde, ndipo pakhondepo pali mbale yovundikira ndi inzake. Lero maungu, mawa chinangwa, tsiku lina chigumu. Ankabwera nthawi imene ena onse ali kumunda. Ine ndinkadya, kutsuka mbale, n'kuisiya pa chitsa kuseri kwa bafa. Iwo sananene, inenso sindinanene. Ndinauza kope lokha.

Kenako zinthu zinayamba kugwa motsatizana, monga zimachitira nyengo ya mvula. Mayi wa mbuzi uja anamwalira mu Febuluwale. Mkamwini mnzanga anatuluka chithupsa chachikulu pakhosi. Apongozi miyendo inatupa, n'kuyamba kutsokomola. Ine sindinalumikize kanthu, ndinangolemba.

Kutatsala sabata imodzi kuti andisudzule, azimayi anabwera kudzatenga zovala za malemu kuti akazigawe, monga mwa mwambo. Ine ndinali kuntchito. Nditafika ndinapeza sutikesi ili yasa, mulibe kanthu. Ndinafufuza pansi pa bedi, m'dengu, ngakhale m'khola la nkhuku, koma mtima unali utadziwa kale. Pakhonde panalibenso mbale.

M'mawa mwake ndinakumana ndi mwana wanga pa mjigo. Ndinamuitana, iye n'kuyamba kubwera akumwetulira, koma alamu anamugwira mkono n'kumukokera kumbuyo kwawo mwamphamvu moti ndowa yake inagwa. Azimayi onse anatembenukira kwa ine. Wina analavulira pansi. Amene anandimasulira nkhaniyi anali amlembi a mpingo wathu, mphunzitsi wopuma, amene anandiimitsa panjira atayamba aona uku ndi uku.

"Achimwene, mwalemba chiyani m'kope muja?"

"Za ine ndi mkazi wanga."

"Si mmene zikumvekera. Akuti mumalemba mayina a anthu, tsiku ndi nthawi yomwe, n'kuwadula ndi chofiira. Akuti odulidwa ndi atatu. Mmodzi wagona kale kumanda, awiri akudwala."

Ndinafuna kuseka koma sinali nkhani yoseketsa. Alamu anga amawerenga movutikira, ndipo zolemba zanga ndi ngati mwadutsa nkhuku, choncho anangoona mayina, manambala ndi mizere. Kopelo ati analikulunga mujumbo n'kulipachika mumtengo wa nimu, poopa kugona nalo m'nyumba. Ine ndakulira m'mudzi, ndikudziwa chimene chimatsatira munthu akatchulidwa mfiti. Lachitatu madzulo ndikuwotcha mbatata, mwala unagwa padenga, phaa! Wachiwiri unaswa galasi la windo. Ndinalongedza malaya m'chikwama, ndinamangirira panjinga, ndinaima nayo pakhomo. Koma ndinadziwa kuti ndikachoka ndiye kuti ndavomera, ndipo mwana wanga adzakula akuuzidwa kuti bambo ako anadya anthu n'kuthawa. Ndinamasula chikwamacho. Masiku awiri otsalawo ndinalibe polemba, ndipo ndinali ngati munthu womangidwa pakamwa.

Loweruka m'mawa tinasonkhana pabwalo la apongozi. Anthu anachuluka kuposa amene amabwera pa kusudzula, mpaka anyamata a kumpira anaima kumbuyo atapinda manja. Achimwene anga, ankhoswe anga, anali atafika kuchokera ku Thyolo atavala jekete ngakhale kunkatentha, ndipo thukuta linkangoyenderera. Apongozi anakhala pamphasa pakhonde, atatipatsa msana chammbali monga mwa nthawi zonse. Mwana wanga ndinkangomuona theka la nkhope pa chitseko.

Amalume sanaligwire kope ndi manja. Analitulutsa mujumbo ndi kamtengo n'kulikankhira kwa ine.

"Akamwini, ife sitinabwere kudzakangana. Tinabwera kudzakumasulani. Koma tapeza ichi m'zovala za mwana wathu. Muwerenge nokha pagulu pano. Aphunzitsi aime kumbuyo kwanu aziona, kuti musatiwerengere za m'mutu."

Anatsegula ndi kamtengo kaja mpaka anapeza mzere wofiira woyamba, wa mayi wa mbuzi uja. Mwana wake wamwamuna anali pomwepo, akundiyang'ana osaphethira. Ndinayamba kuwerenga.

"Lachinayi, 6:15 madzulo. Alowa kutsatira mbuzi yawo. Aima mphindi khumi. Andifunsa ngati ndadya. Ndi munthu woyamba kundifunsa zimenezi chichokere iwe. Ati mbuziyo ikaswa adzandipatsa mkaka."

"Ndi mmene palembedwera," anatero amlembi.

Ndinafotokoza za buku la pa geti, kuti mzere wofiira umangotanthauza kuti munthu walowa. Bambo wina amene anagwirapo ulonda m'tauni anavomereza ndi mutu. Ndinaona ngati mapewa a anthu akutsika pang'ono. Koma kamtengo ka amalume kanatembenuza tsamba, n'kuloza ndime yaitali imene munali dzina lawo. Nditaiona ndinatseka maso.

"Werengani."

"Lamulungu. Palibe walowa. Mkulu wako wadutsa katatu akuwerenga malata athu ndi maso. Amalume ako ndi munthu wabwino koma alibe msana, amapita kumene wawakankhira womaliza kuyankhula nawo."

Anyamata kumbuyo anaphulika kuseka. Amalume sanaseke. Achimwene anandiponda chala mwamphamvu, koma ndikanatani, amlembi anali pa phewa langa. Alamu anadzuka pamphasa akumanga chitenje.

"Mwamva? Mwamva mtima wake? Ndiye akunamizeni za mageti! Chabwino, akuti mzere ndi wa munthu wolowa. Nanga amayi? Tsamba lililonse apongozi, apongozi, mzere, mzere! Ndani pano anawaonapo amayi akuponda pabwalo la mkamwini? Chimwalirire mng'ono wanga sanapiteko ngakhale kamodzi. Ndiye ankalowa bwanji m'kope lakeli? Taonani miyendo yawo!"

Apa ndiye panali pothera nzeru. Aliyense ankadziwa kuti apongozi sapita kwa mkamwini mwana wawo kulibe. Ndikanena kuti ankabwera, ndiye kuti ndawavula pagulu, mayi wamkulu amene ankazembera ana ake omwe kuti andidyetse, ndipo akanatha kukana. Akanakana, ine ndikanakhala wabodza komanso mfiti. Ndikakhala chete, chimodzimodzi. Ndinayang'ana msana wawo. Sunagwedezeke.

"Zimenezo sindiwerenga," ndinatero.

Phokoso linabuka. Anyamata aja anasendera kufupi, mmodzi anawerama ngati akufuna kutola kanthu pansi. Achimwene ankangoti, "Tiyeni tikambirane, akuluakulu, tiyeni tikambirane," koma palibe ankawamva. Ndinamva mwana wanga akulira m'nyumba. Ndinakumbatira kope pachifuwa, ndipo ndikukumbuka kuti chimene chinandibwerera m'mutu n'chopusa, ndinayang'ana wotchi kuti ndidziwe nthawi.

Kenako ndodo inagogoda pa simenti ya khonde, katatu. Apongozi sanatembenuke. Anayankhula kwa mlongo wawo, amalume aja, mawu ali otsika.

"Achimwene, auzeni awerenge."

Ndinatsegula. Kenako ndinawerenga.

"Lolemba, 5:50 madzulo. Apongozi alowa. Sindinawaone, ndaona timaenje ta ndodo yawo pabwalo. Asiya maungu. Amathira mchere wambiri ngati iwe, tsopano ndadziwa kumene unatengera."

"Lachisanu. Apongozi alowa. Chinangwa. M'mbale aikamonso kabatani ka yunifolomu ya mwana, ndikuganiza kuti akufuna ndidziwe kuti asoka ena."

Ndege ina inkatsikira ku Chileka. Ndinadikira kuti idutse. Amalume sanalozenso ndi kamtengo, ndinatembenuza ndekha mpaka tsamba lomaliza.

"Lamulungu, 10:20 m'mawa. Sindinapite kutchalitchi, mutu. Apongozi alowa, akuganiza kuti kulibe munthu. Ndawaona pawindo. Aima nthawi yaitali pakhomo la khitchini yako atagwira mtondo wako. Akulira koma osatulutsa mawu. Miyendo yawo yatupa kwambiri, kuchoka pabafa kufika pakhonde apumira kawiri. Akufunika kuchipatala, ndipo njinga ilipo. Ukanakhalapo ndikanakutuma kuti ukawauze. Ndilibe womutuma."

Amlembi sananene kuti ndi mmene palembedwera. Ndinamva akufwenthera kumbuyo kwanga.

Apongozi anayamba kutembenuka. Zinawatengera nthawi chifukwa cha miyendo, anachita kuinyamula umodziumodzi ndi manja. Atamaliza anandiyang'ana m'maso. Pa zaka zonse zija, aka kanali koyamba kuona bwinobwino nkhope yawo, ndipo chimene ndinaona ndi mphumi ya mkazi wanga. Ndinagwetsa maso mwachizolowezi.

"Bambo," anatero, "ndikuyankhula ndi inu. Njingayo ili bwino?"

"Ili bwino, mayi."

"Mabuleki akugwira?"

"Akugwira."

"Lolemba mudzanditenge m'mawa. Ulemuwu wandikwana, ukundithera miyendo."

Alamu anati, "Amayi!" Apongozi anangowayankha kuti mbale ndi zawo, maungu ndi awo, ndipo amene akufuna nyumba ya malata akaumbe njerwa. Amalume anakanda m'mutu nthawi yaitali. Munthu woti Lolemba anyamula mlongo wawo kupita naye kuchipatala sakanamuuza kuti Loweruka anyamuke. Mwambo anauchita ndithu, anandimasula, n'kunena kuti ndili ndi ufulu wopita, koma ngati ndikufuna kulera mwana, nyumba ndi yomweyo. Mawu a msana aja sanawaiwale. Mpaka lero tikakumana amandifunsa ngati ndikulembabe, ndipo safunsa moseka. Alamu anatha zaka ziwiri osandipatsa moni, ndipo m'mudzimo alipo ena amene akandiona ndatulutsa bolopeni amasuntha pang'ono.

Anthu akubalalika, amlembi anandikokera pambali. "Lembani ndithu, achimwene, musasiye. Mwanayu amayi ake adzawapeza m'menemo. Koma chofiiracho muzichisiya kuntchito."

Ndinawalonjeza. Ndinatsika kunyumba, ndinachotsa magalasi osweka pawindo, ndinasesa pabwalo ngakhale sinali nthawi yosesa. Kenako ndinakhala pakhonde ndi kope lija, likununkhabe jumbo. Ndinali ndi zambiri zomuuza mkazi wanga moti sindinkadziwa poyambira. Ndili chiganizire, ndinamva mapazi. Sankachokera kuseri kwa bafa, ankabwera ndi njira ya kumaso, imene aliyense amaiona. Anali mwana wathu, atasenza mbale yovundikira ndi inzake, mkono wina atapanira kabulangete kake.

"Agogo akuti mudye. Akutinso ndizigona kuno, kwawo ndimawaponda miyendo."

Anaika mbale pansi n'kusuzumira m'kope. "Mukulembera ndani?"

"Amayi ako."

"Muwauze kuti dzino lija lachoka."

Lonjezo langa kwa amlembi ndinaliswa tsiku lomwelo. Ndinayang'ana wotchi, ndinalemba 3:35 masana, ndinalemba dzina lake, ndinalemba kuti walowa. Kenako ndinapisa m'thumba la yunifolomu imene inali pachingwe, n'kumupatsa bolopeni yofiira kuti ajambule yekha mzerewo. Unatuluka wokhotakhota, n'kupitirira mpaka kumapeto kwa tsamba.